Za Kucheza kwa Makolo ndi Ana Awo

Abusa, akulu a mpingo ndi nthumwi zonse za Sinodi,

Pa Deuteronomo 6:7 Mose anatchula nthaŵi zinayi zophunzitsira ana: banja likakhala m'nyumba, likakhala pa ulendo, madzulo pokagona ndi m'mamaŵa podzuka. Zonsezi nza moyo wa tsiku ndi tsiku. Palibe ndi imodzi yomwe ya m'kachisi.

Pa mwambo wa Acheŵa mwini mbumba ndi malume. Bambo ndi mkamwini: amalima, amamanga nyumba, koma mwana akalakwa nkhani imapita kwa atsibweni ake. Mtsikana akatha msinkhu ankalangizidwa ndi anamkungwi, ndipo mu mpingo ntchitoyo inagwera alangizi. Zimenezi zili ndi phindu lake, komabe zinazoloŵeretsa abambo kukhala chete pamaso pa ana awo. Maulendo a ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya ku Zimbabwe anakulitsa vutoli, pakuti ena anasanduka matchona. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974 boma la Malaŵi linaimitsa kulemba amuna opita ku migodi, koma maulendowo sanathe. Lero amayi nawonso amapita, ana natsala ndi agogo. Foni yafupikitsa mtunda, ngakhale kuti zimene zimakambidwapo kaŵirikaŵiri ndi fizi ndi feteleza basi.

Kholo lingathe kutchona lili pakhomo pomwepo. Bambo amadya nsima payekha, ana nadyera kukhitchini, ndipo akawaitana ndiye kuti afuna kuwatuma kapena kuwadzudzula. Mwana woleredwa motere akagwa m'vuto amakauza anzake, makolo namva zinthu zitaipa kale. Ngakhale mapemphero a pabanja sathandiza kwenikweni ngati bambo alankhula yekha, ana nangovomera Amen. Mwana apatsidwe ndime aŵerenge, afunse chimene sanamve. Ndipo popeza ulemu umamletsa kuyang'ana wamkulu m'maso, iye amamasuka bwino pamene manja ali pa ntchito: potonola chimanga, pothyola ndiwo, panjira ya kumunda.

Nyumba ya abusa isadziyese yopulumuka. Maliro, maukwati ndi misonkhano zimatha mphamvu zonse za mbusa, ana ake nalandira bambo wotopa amene mawu ake onse anathera pagome. Akulu a mpingo poyendera mabanja asafunse za chopereka chokha. Afunsenso bambo ngati adziŵa dzina la bwenzi la mwana wake, ndi phunziro limene likumvuta kusukulu.