Timatumbo Tomera mu Labotale

Amayi, mu sewero lija munamva za mwana amene anatsegula m'mimba miyezi itatu, chimbudzi chili ndi magazi, mankhwala a kamwazi osamuthandiza. Ena munafunsa ngati analodzedwa. Ayi, amayi, si ufiti.

Kwathu kuno magazi m'chimbudzi nthawi zambiri amabwera ndi kamwazi kapena likodzo la m'matumbo. Koma pali matenda enanso otupitsa matumbo, otchedwa Crohn ndi ulcerative colitis. Asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kutiteteza, amasokonezeka nayamba kulimbana ndi matumbo a mwini wake mpaka kuchita zilonda. Matendawa sapatsirana. Amaleka, kenaka n'kuyambiranso, ndipo mwana amaonda ndi kupinimbira.

Nanga madokotala angaone bwanji zochitika m'mimba mwa munthu wamoyo? Tamverani. Khungu la m'kati mwa matumbo limatha ndi kumera latsopano pa masiku osapitirira asanu, chifukwa muli maselo ena amene amabala anzawo. M'chaka cha 2009, Toshiro Sato ndi Hans Clevers, ku Utrecht m'dziko la Netherlands, anatenga selo lotere kuchokera m'matumbo a mbewa naliika m'zinthu zoterera zokhala ndi chakudya chake. Selo lija linachulukana mpaka kupanga kampira kamphako, kochepa ngati kamchenga, kokhala ndi khungu ngati la matumbo enieni. Pofika 2011 anatha kuchita chimodzimodzi ndi maselo a munthu. Timatumbo timeneti amatitcha ma organoid.

Lero ofufuza amatapa kanyama kochepa m'matumbo a wodwala, n'kumeretsa timatumbo take. Amatiyerekeza ndi ta munthu wabwinobwino kuti aone pamene khungu likufooka, ndipo amayeserapo mankhwala popanda kuika wodwala pachiswe. Ichi ndicho chokondweretsa kwambiri. Koma musamve ngati mankhwala ochiziratu apezeka. Timatumboti timamera topanda asilikali a m'thupi, choncho ofufuza amachita kuwaonjezera kuti aone m'mene nkhondo ija imayambira.

Inu, amayi, mwana akatsegula m'mimba masiku 14 kapena mukaona magazi, thamangirani kuchipatala. Pitirizani kumuyamwitsa, kumudyetsa ndi kumumwetsa Thanzi ORS. Mankhwala akatha iye osachira, bwererani mukanene, ndipo tengani buku lake la kuchipatala. Matenda a Crohn amafanana kwambiri ndi TB ya m'matumbo, koma mankhwala ake ndi osiyana, ndiye adokotala ayenera kumuyeza bwino asanamupatse ena.