Chikhulupiriro Chimaonekera pa Sikelo

Mawu a abusa pa chikondwerero cha zaka 10 za kopaletivi yathu

Lero ndabwera ngati membala mnzanu, wolima nandolo ngati inu nomwe, ndipo ndayamba ndi kuulula.

Mukukumbukira 2017, pamene dziko la India linachepetsa nandolo wogula kunja, mtengo n'kugweratu. Chaka chimenecho mwana wanga anali atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Nandolo wanga anali asanaume bwino, koma ndinamuthira m'matumba dala, podziwa kuti wachinyezi amalemera pa sikelo. Ndikumanga matumbawo pa njinga, mayi akunyumba anangoima pakhomo n'kufunsa kuti, "Abusa, nanga Lamulungu mukalalikira chiyani?"

Abale, ndinatsitsa matumba aja. Tinayanikanso nandoloyo pa mkeka, ndipo makilogalamu anachepadi. Mwana anakhalabe pakhomo mpaka ndalama zitakwana. Palibe chozizwitsa chinachitika, koma usiku umenewo ndinagona tulo.

Pambuyo pake ndinazindikira amene ndikanamubera. Thumba lachinyezi likalowa m'nyumba yathu yosungiramo mbewu, nkhungu imafalikira ku matumba oyandikana nalo. Wogula akapisa dzanja n'kupeza zoola, amatsitsa mtengo wa katundu yense. Ndiye kuti ndikanabera mayi wamasiye amene anapeta nandolo wake mpaka msana kuwawa. Asodzi a ku Chilwa amadziwa: nsomba ikaola imodzi, zonse zaola.

Buku la Miyambo, mutu 11, limatiphunzitsa kuti Mulungu amanyansidwa ndi sikelo yachinyengo. Ife timakonda kuloza mavenda ndi ndime imeneyi. Koma sikelo ili ndi mbali ziwiri: wina amaba poyeza, wina amaba pothira. Mchenga wa pansi pa thumba ndi wathu. Ngongole ya mbewu imene timaizemba ndi yathu. Kugulitsa mobisa kwa venda usiku, titalonjezana kuti tigulitsira pamodzi, ndi kwathunso.

Komabe sindinabwere kudzangodzudzula. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri, ku Nkhulambe ndi madera ena, akuluakulu anakumbukira Napolo wa 1991 wa ku Michesi. Tinaika m'manda abale athu, ena sitinawapeze n'komwe. Koma ndinaona anthu otsala ndi ndowa imodzi ya chimanga akugawirako anzawo, osafunsa kuti mumapemphera kuti. Ndinaona ena akupatsa anzawo mbewu ya mbatata yoti abzale kudimba. Ulaliki umenewo unaposa wanga wonse.

Tsono pamene tikulowa m'zaka zina 10, pempho langa ndi laling'ono. Musanasoke thumba, pisanimo dzanja, mudzifunse ngati mungakondwe kuligula inuyo. A msungichuma, lembani m'buku ngati kuti mawa muliwerenga pamaso pa tonse. Amene ngongole yakuvutani, bwerani mudzanene masana, musathawe misonkhano. Ndipo ine mukadzandiona ndi thumba lokayikitsa, musaope kolala yangayi. Limasuleni.

Kutchalitchi timakhalako tsiku limodzi pa sabata. Masiku enawo Mulungu amatipeza kumunda, pamsika ndi pa sikelo.

Ambuye adalitse minda yanu ndi mabanja anu.