Nyumba Yogawana Umwini: Tifunse Tisanasaine

(Mawu olankhulidwa pa msonkhano wa atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma)



Aliyense amene adakhalapo m'nyumba ya Boma adziwa kuti tsiku lopuma pa ntchito makiyi amabwerera kwa eni ake, katundu nakwera lole. Motero nkhani ya kukhala ndi nyumba yakoyako si yachilendo kwa ife. Koma lero ndifuna kuti tiyang'ane ku England, kumene ana athu ambiri akugwira ntchito ya unamwino ndi ntchito zina, ndipo ena auza kale makolo awo kuti, "Ndagula nyumba." Tisanayambe nthungululu, tiyeni tifunse: kodi wagula nyumba yonse, kapena gawo chabe?

Vuto la wogula koyamba m'dzikomo ndi lalikulu ndithu. Mu 1997 mtengo wa nyumba wamba unali wolingana ndi malipiro a zaka zitatu ndi theka a munthu wapantchito. Pofika mu 2023 udaposa malipiro a zaka 8. Banki nayo sikongoza ndalama zonse. Wogula ayenera kuyamba wapereka zake, kawirikawiri £5 kapena £10 pa £100 iliyonse. Nanga mnyamata amene malipiro ake akuthera ku lendi, ndalama zimenezi adzazisunga liti?

Pofuna kuthandiza anthu otere, pali njira imene eni ake amaitcha shared ownership, kunena kuti kugawana umwini wa nyumba. Idayamba kufala cha mu 1980, Margaret Thatcher ali nduna yaikulu. Munthu amagula gawo la nyumba, ndipo gawo lotsala limakhala la bungwe losamalira nyumba, limene iye amalipirako lendi. Kale gawo lochepetsetsa linali magawo 25 pa 100, koma malamulo a 2021 adalola kuyambira pa 10 kulekezera pa 75. Banja loyenera kulowa ndi limene limapeza ndalama zosapitirira £80,000 pa chaka, kapena £90,000 mu London.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Tinene kuti nyumba ndi ya £300,000. Wofuna kuigula yonse ayenera kuyamba wapeza £30,000. Koma wogula magawo 25 pa 100 akugula za £75,000 zokha, ndipo ndalama yoyambira ndi £7,500. Pa £225,000 yotsalayo, lendi ya chaka choyamba kawirikawiri imakhala £2.75 pa £100 iliyonse, ndiye kuti pafupifupi £516 pa mwezi, kuwonjezera pa kubweza ngongole ya ku banki. Akapeza ndalama m'tsogolo ali ndi ufulu wogula gawo lina, kenaka lina, mpaka nyumba yonse ikhale yake. Paja tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha. Kunena zoona, alipo mabanja amene adalowa m'nyumba zawo mwa njira imeneyi, amene pakadapanda iyo bwenzi akukhalabe m'zipinda za lendi.

Komatu, Mabwana ndi Madona, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndikutchulirani nyerere zitatu.

Yoyamba ndi iyi: umwini ndi wogawana, koma katundu sagawana. Ngakhale munthu ali ndi magawo 25 okha, ndalama zokonzetsera nyumba ndi zosamalira malo amalipira zonse, ngati kuti nyumba yonse ndi yake. Mu 2017 moto udapha anthu 72 m'nyumba yosanja ya Grenfell Tower mu London. Pambuyo pake kudapezeka kuti nyumba zina zambiri zosanja zidakutidwa ndi zipangizo zosachedwa kuyaka. Eni magawo ang'onoang'ono adalandira makalata owalipiritsa ndalama zokonzetsera ngati eni athunthu, ndipo ambiri adalephera ngakhale kugulitsa, poti mabanki adakana kukongoza ofuna kugula. Malamulo a 2021 adapepukitsako mtolowu pa nyumba zatsopano: zaka 10 zoyamba bungwe limathandiza kukonza, ndipo pa za m'kati limapereka mpaka £500 pa chaka. Zaka zimenezo zikatha, mtolo wonse ubwerera pamutu pa wogula.

Yachiwiri: chimene ukuthamangira nachonso chikuthamanga. Lendi imakwera chaka ndi chaka molingana ndi kukwera mitengo kwa zinthu, ndi kena pamwamba. Gawo lotsala lija saligulitsa pa mtengo wakale ayi, koma pa mtengo wa tsiku limene ukugulalo. Nyumba ija ya £300,000 ikafika pa £360,000, gawo limene linali £225,000 lasanduka £270,000. Pamwamba pa apo, woyesa mtengo wa nyumba ndi loya amalipidwa ndi wogula yemweyo.

Yachitatu: pepala limene munthu amasaina ndi lizi, ya zaka zowerengeka. Mapangano ambiri akale anali a zaka 99, ndipo zaka zikamachepa mtengo wa nyumba umatsika, pomwe kuwonjezera zakazo kumafuna ndalama zambiri. Atsopano ndi a zaka 990. Mu 2007 khoti lina ku England lidagamula mlandu wa mayi amene adagula theka la nyumba, koma pambuyo pake nalephera kulipira lendi. Bungwe lidatenga nyumba, ndipo khoti lidati mayiyo analibe ufulu wobwezeredwa ndalama za theka lake lija.

Izi si zonena ine ndekha. Mu March 2024 komiti ya aphungu a Nyumba ya Malamulo ya ku Britain idapeza kuti kukwera kwa lendi ndi ndalama zosamalira malo kukulepheretsa anthu ambiri kufika pogula nyumba yonse, chimene chinali cholinga cha njirayi.

Tsono sindikunena kuti ana athu aikane njira imeneyi. Ndikunena kuti inu, monga atsogoleri ndi makolo amene anthu amadza kudzafunsa nzeru, muwalangize kufunsa asanasaine. Lendi idzakwera motani chaka chilichonse? Ndalama zosamalira malo zinali zingati zaka zapitazi? Denga likadontha adzalipira ndani? Lizi yatsala ndi zaka zingati? Ndikafuna kugulitsa, ndidzadikira bungwe kwa nthawi yotani? Mayankho ake akhale olembedwa, ndipo awerengedwe ndi loya wodzisankhira yekha wogulayo.

Mafunso omwewa ngoyenera kwa ife kuno kwathu, wina akatiuza kuti tigule nyumba kapena poloti polipira pang'onopang'ono. Munthu asatchedwe mwini nyumba pakamwa chabe, pomwe pepala likunena zina. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.