Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Othawa Nkhondo, ku komboni ya Kuku ku Zambia

 Lero pa 20 June mayiko akukumbukira othawa nkhondo, ndipo funso limene timalimva pamsika, m'minibasi ndi pamzere wotunga madzi ndi lakuti: kodi anthu amenewa azilandiridwa ndi mayiko ati? Ine ndikuti wotsegula chitseko ndi dziko loyandikana nalo, koma udindo wowasamalira ndi wa mayiko onse.

Wothawa mfuti sakhala pansi kuti asankhe dziko. Mayi amangobereka mwana, kusenza mphika ndi kamtolo ka zovala, n'kuyenda wapansi mpaka kumene kulira kwa mfuti sikukumvekanso. N'chifukwa chake bungwe la UNHCR limanena kuti othawa nkhondo ambiri ali m'mayiko oyandikana ndi kwawo, ndipo ochuluka a mayikowo si olemera. Zambia inayamba kalekale kuchita mbali yake. Msasa wa Mayukwayukwa unatsegulidwa mu 1966, ufulu wathu uli ndi zaka ziwiri zokha, kuti ulandire anthu a ku Angola. Meheba inatsatira mu 1971, Ukwimi ku Petauke inasunga abale a ku Mozambique, ndipo Mantapala ku Nchelenge yakhala ikulandira anthu a ku Congo kuyambira 2018. Malawi nayo inasunga anthu a ku Mozambique oposa 1,000,000 nkhondo yawo isanathe mu 1992. Pangano la bungwe la mayiko a mu Africa la OAU la 1969 limaletsa kubweza munthu pamalire kuti apite kumene akaphedwe, ndipo pangano lomwelo likuti dziko likalemedwa, anzake alipeputse. Mutu umodzi susenza denga.

Wina anena kuti, "Nanga ife tikudya chiyani kuti tidyetse alendo?" Funso limeneli sindingalinyoze. Muno mu Kuku mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba, kolera amatiopseza chaka ndi chaka, ndipo achinyamata omaliza sukulu akungokhala. Komabe mavuto amenewa sanabwere ndi wothawa nkhondo, ndipo sangachoke naye. Chimene umphawi wathu ukutiuza n'chakuti mayiko olemera achite zambiri. Msasa wa Dzaleka ku Malawi unakonzedwa kuti usunge anthu pafupifupi 10,000, lero muli oposa 50,000, uku thandizo la chakudya likuchepa. Mayiko amene amapanga ndi kugulitsa zida, ndi amene amapindula ndi miyala ya mtengo wapatali ya kum'mawa kwa Congo, sangati nkhaniyi ndi ya eni ake. Mu 2018 mayiko anagwirizana ku United Nations kuti azigawana udindowu. Akwaniritse: atengeko othawa nkhondo ena kukawakhazika kwawo, ndipo ndalama zawo zimange sukulu, zipatala ndi mipope yothandiza mlendo ndi mwini mudzi pamodzi.

Ena amati alendo atilanda malonda. Tikumbukire April 2016, pamene mphekesera zinayaka m'makomboni a Zingalume, George ndi Matero, masitolo a anthu a ku Rwanda n'kuthyoledwa. Utsi utatha, analuza ndani? Mayi amene ankatenga pamela (kapaketi ka ufa) ndi kabotolo ka saladi pangongole mpaka mwezi uthe anapeza chitseko chotseka. Mwini nyumba anataya lendi, mnyamata wa wilibala anasowa katundu wonyamula. Wothawa nkhondo amene waloledwa kugwira ntchito amadzidyetsa yekha, amalipira lendi ndi msonkho. Amene wamangidwa manja ndiye amasanduka mtolo.

Choncho ndikupempha boma lathu kuti, potsatira lamulo la othawa kwawo la 2017, lifewetse njira zopezera zilolezo zokhala ndi kugwira ntchito m'tauni. Inu abale ochokera kunja, lemekezani malamulo a dziko lino ndipo muzipezeka pamaliro ndi pantchito za chitukuko za muno m'komboni. Ife eni mudzi, tikamva mphekesera tizipita nazo ku polisi ndi kwa atsogoleri, tisatole miyala. Tikatero tidzakhala ndi mphamvu yowauza mayiko olemera kuti ife tachita zathu, achite zawo.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti mwambo wathu watsegulidwa.