Ana akuchepa pabanja, anthu akuchuluka m'dziko

Uthenga umene unafika m'mudzimo unali wakuti alangizi akubwera kudzaphunzitsa kapangidwe ka manyowa mvula isanagwe. Anthu ambiri anakhala pabwalo la a mfumu ali ndi funso limodzi lokha, la makuponi a feteleza. Koma mlangizi wa zaulimi wa m'deralo, mayi amene wayenda m'midzi ya ku Chiradzulu kwa zaka zambiri, atangomaliza kulonjera a mfumu ndi nduna zawo, anatuma ana kuti akatole miyala.

Anayala miyala inayi pansi. "Amayi ndi abambo, mwala uliwonse apa ndi anthu 1 miliyoni. Mu 1966, boma litachita kalembera woyamba chilandirireni ufulu, Amalawi tonse kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje tinali miyala inayi iyi."

Kenaka anayamba kuwonjezera. Pa kalembera wa 1977 anthu anali 5.5 miliyoni. Mu 1987 anayandikira 8 miliyoni, ndipo m'chiwerengerocho munali abale athu ochokera ku Mozambique amene anathawa nkhondo. Pofika 1998 ambiri mwa iwo anali atabwerera kwawo, Edzi nayo inali itapulula mabanja, komabe chiwerengero chinafika pa 9.9 miliyoni. Mu 2008 chinadutsa 13 miliyoni. Atafika pa kalembera wa 2018 miyala inamuthera, ana n'kuthamanga kukatola ina. Chaka chimenecho ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inapeza anthu 17,563,749. Pa zaka 52 zokha, moyo wa munthu mmodzi usanathe, mtundu unachulukana kupitirira kanayi.

"Nanga dzikoli linakula?" anafunsa. Anthu anapukusa mitu.

Apa ndi pamene nkhani inasanduka ya ulimi. Mu 2008, malo a sikweya kilomita imodzi, omwe ndi maekala pafupifupi 247, ankasunga anthu 139 tikagawa dziko lonse mofanana. Mu 2018 ankasunga 186. M'chigawo cha kummwera anali 244, ndipo ku Chiradzulu amapitirira 400. M'maekala omwewo muli mapiri, misewu, manda, sukulu ndi nyumba, wolima amangotsala ndi zotsalazo. Mlangiziyo anapempha anthu kuti awerengere limodzi. Tinene kuti agogo aakazi anali ndi munda wa maekala 8. Mwa mwambo wa chikamwini munda umatsata ana aakazi, ndiye ana awo anayi analandira maekala awiri aliyense. Aliyense wa iwo akagawira ana aakazi awiri, mdzukulu amakhala ndi ekala imodzi. Chidzukulu chidzalandira theka. Panalibe wotsutsa, chifukwa aliyense pabwalopo amadziwa mlandu wa malire umene unafikapo kwa a mfumu, pachibale kukanganirana mizere iwiri.

Bambo wina wachikulire anaimirira, chipewa chili m'manja. "Alangizi, ndiye kuti vuto ndi amayi a masiku anowa. Akubereka mosaganiza."

Amayi anayamba kung'ung'udza, koma mlangiziyo anakweza dzanja. Yankho lake ndi limene anthu ambiri, ngakhale ophunzira a m'tauni, salidziwa. Amayi a lero akubereka ana ochepa kusiyana ndi amayi awo. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 1992 anapeza kuti mayi wa ku Malawi ankabereka ana pafupifupi 7 pa moyo wake, nambala yake yeniyeni inali 6.7. Mu 2010 inatsika kufika pa 5.7, ndipo mu 2015 ndi 2016 inali pa 4.4. Kutsika kotere pa m'badwo umodzi si chinthu chaching'ono, ndipo amene anakutheketsa ndi amayi omwewo amene amayenda mtunda wautali kupita kusikelo, mwana ali kumsana.

"Tsono bambo, mufunse kuti ngati ana akuchepa pabanja, n'chifukwa chiyani miyala ikuchuluka," anatero. "Chifukwa choyamba ndi chosangalatsa. Ana athu sakufanso ngati kale."

Mu 1992, mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Kunali ngati kutaya mwana mmodzi mwa anayi aliwonse. Pofika 2016 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 63. Katemera wa chikuku, maneti oteteza ku udzudzu, madzi a Thanzi kwa mwana wotsegula m'mimba, mankhwala oteteza khanda ku kachilombo ka HIV ndi kuchirira kuchipatala zinapulumutsa ana ambirimbiri. Gogo wina amene anakhala patsogolo pamkeka anayankhula yekha osafunsidwa, kuti iye anabereka ana khumi koma anakula ndi asanu. Makolo akale ankabereka ambiri podziwa kuti ena apita. Amenewo sanali maganizo opusa, kunali kuwerengera kolondola kwa nthawi imeneyo. Lero mayi wobereka ana asanu ndi mmodzi ayembekezere kuwadyetsa onse, kuwaveka onse ndi kuwaphunzitsa onse mpaka ku sekondale.

Pofotokoza chifukwa chachiwiri, mlangiziyo anapempha aliyense amene sanakwanitse zaka 18 kuti aimirire. Anaimirira ana amene anatola miyala aja, atsikana amene anali kumbuyo kwa amayi awo, anyamata amene anatsamira njinga zawo pansi pa mtengo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 51 mwa 100 aliwonse m'Malawi ndi osakwana zaka 18. Onsewo adzakhala makolo. Ngakhale aliyense wa iwo atabereka ana awiri kapena atatu okha, chiwerengero chipitirirabe kukwera kwa zaka zambiri, chifukwa obereka eni akewo ndi ochuluka kuposa m'badwo uliwonse umene dziko lino linakhalapo nawo. Pakati pa 2008 ndi 2018 anthu ankawonjezereka ndi pafupifupi atatu pa 100 aliwonse chaka chilichonse, ndipo liwiro lotere likapitirira mtundu umawirikiza kawiri m'zaka pafupifupi 24.

Si Malawi yekha. Anthu a padziko lonse anakwana 8 biliyoni mu November 2022, ndipo bungwe la United Nations likuti gawo lalikulu la anthu amene awonjezereke pofika 2050 adzabadwira mu Africa muno, makamaka ku Nigeria, Democratic Republic of Congo, Ethiopia ndi kwa aneba athu ku Tanzania. Ku Rwanda anthu oposa 13 miliyoni amakhala m'dziko limene kukula kwake sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a Malawi, ndipo amalima mpaka m'mapiri atamanga migula. Kuthinana kumapiririka ngati nthaka ikusamalidwa ndipo ana akuphunzira. Kumapha pamene anthu akakamizika kumanga m'mitsetse ndi m'mbali mwa mitsinje, monga mmene namondwe wa Freddy anaonetsera mu March 2023 ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, ndi kuno ku Chiradzulu komwe.

Nduna ina ya a mfumu inakumbutsa kuti ana ndi chuma, ndipo kulera ndi nzeru za azungu. Mlangiziyo anawomba m'manja mwaulemu asanayankhe. "Ana ndi chumadi, bambo, ineyo ndine mayi. Koma kulera anayamba ndi makolo athu. Anamkungwi alipo pano, atiuze. Kodi mayi wotumbiza ankamuyamikira?" Amayi achikulire anaseka ndi kuvomereza kuti banja loima mwana ali kubere linkaitanidwa kukalangizidwa, ndipo bambo ankadikira mpaka mwana atayamba kuyenda. Chimene chinasintha ndi njira chabe. Boma la Kamuzu Banda linakana njira zamakono zolerera kwa zaka zambiri, ndipo linazivomera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 pansi pa dzina la kubereka motalikitsa. Mu 1992 amayi apabanja 7 okha mwa 100 ndiwo ankazigwiritsa ntchito. Mu 2016 anali 58.

Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, amene anabwera nawo pamsonkhanowo, anatchula njirazo mwachidule: jakisoni wa miyezi itatu, mapiritsi, kachipangizo koika pamkono kamene kamakhala zaka zitatu mpaka zisanu, lupu, makondomu, ndi kutseketsa kwa amene ana akwana, kumene abambo nawonso angachite. Mayi wina anadandaula kuti jakisoni anamusokonezera msambo. Sanamutsutse. Anamuuza kuti zimachitikadi kwa amayi ena, ndipo chofunika n'kubwerera kuchipatala kukasintha njira m'malo mongosiya mwakachetechete. M'zipatala za boma njirazi ndi zaulere.

Nkhani imene mlangizi wa zaulimi anakhalitsapo ndi ya atsikana, ndipo apa mawu ake anasintha. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 yemweyo anapeza kuti mwa atsikana 100 a zaka 15 mpaka 19, okwana 29 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera. Pamene amayi akuluakulu akuchepetsa ana, ana awo akuyamba uchembere akadali ku pulayimale. Mtsikana wobereka ali ndi zaka 15 akhoza kukhala gogo ali ndi zaka 30, ndiye pamunda umodzi womwe uja pamadya mibadwo inayi nthawi imodzi. Wobereka ali ndi zaka 22 atamaliza Fomu 4 amakhala ndi thupi lokhwima, amabereka ana ochepa, ndipo amatha kupeza ndalama kunja kwa khasu. Malamulo alipo. Mu 2017 nyumba ya malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18. Mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto inathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuchotsa pa udindo mafumu ang'onoang'ono amene ankawavomereza. Lamulo lolembedwa ku Lilongwe silingalowe lokha m'nyumba ya munthu, amalilowetsa ndi ankhoswe amene akana kumanga ukwati wa mwana, ndi malume amene akana kulandira nkhuku yake.

"Abambo, ndikupempheni chinthu chimodzi," anatero potsiriza. "Amayi ambiri amapita kukabayitsa mobisa, buku la kuchipatala n'kukalisungitsa kwa mnzawo, poopa inu. Khalani pansi ndi akazi anu, muwerenge mizere ya m'munda mwanu ndi matumba amene munakolola chaka chatha, kenaka mugwirizane za ana. Mukatero mupite limodzi kusikelo."

A mfumu anayankhula atakhala. Analamula kuti nkhoswe aliyense azibweretsa kaye kwa iwo umboni wa zaka za mtsikana asanavomere ukwati, ndipo amayi a gulu loyang'anira atsikana pasukulu alembe maina a onse amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba kuti makolo awo aitanidwe pabwalo sabata yotsatira.