MAGETSI A M'MADZI: KODI NDI A YANI?

Lero tikambirane za magetsi, kuti tidziwe kumene adachokera ndiponso chifukwa chake midzi yambiri idakali mu mdima.

Ambiri timaganiza kuti magetsi ndi a m'tauni. Koma m'chaka cha 1905, amishoni a ku Scotland motsogoleredwa ndi Dr Robert Laws adayatsa magetsi ku Livingstonia, m'boma la Rumphi, pogwiritsa ntchito madzi a mtsinje wa Manchewe. Madzi akamatsika ndi mphamvu amazunguza makina, ndipo makinawo amatulutsa magetsi. Kumeneko kudali kumudzi, koma padapezeka anthu amene adatsimikiza mtima.

Titalandira ufulu, boma lidamanga makina akuluakulu pa mtsinje wa Shire: ku Nkula m'chaka cha 1966, ndi ku Tedzani m'chaka cha 1973. Magetsi amenewa adayamba kupita ku mizinda ndi ku mafakitale. Anthu a m'midzi ankangoona mawaya akudutsa pamwamba pa minda yawo, iwo akuunikira koloboyi. Ntchito yofikitsa magetsi kumidzi, yotchedwa MAREP, idayamba m'chaka cha 1980, ndipo m'chaka cha 1995 adatsegula makina ena pa mtsinje wa Wovwe ku Karonga. Komabe kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa mabanja 100 alionse a kumidzi, okhala ndi magetsi sankakwana asanu.

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa chiyani? Madzi ndi mphatso ya Mulungu kwa ana ake onse, koma amene amasankha kopita mawaya ndi anthu. Lamulo la 2004 lidakhazikitsa thumba la magetsi a kumidzi, ndipo zina mwa ndalama zake zimachokera pa mtengo wa mafuta a galimoto. Tsono tikakwera minibasi kapena matola, nafenso tasonkha. Magetsi akafika kwathu, si chifundo cha munthu wandale ayi, ndi thukuta lathu.

Mayi akamachira pa chipatala mounikira tochi, kapena ana akamalephera kuwerenga madzulo, ulemu wa munthu wachepetsedwa. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tiyeni tipite kwa mafumu, makhansala ndi aphungu athu, tikafunse mwaulemu koma mosaopa.

Mafunso okambirana m'miphakati:

1. Kodi chipatala, sukulu ndi chigayo za m'dera lathu zili ndi magetsi?
2. Ngati zilibe, tidzatuma ndani ku komiti ya chitukuko, ndipo liti?