MLIRI SUTSEKA PAKAMWA PA POVO

Mau amene mphunzitsi wa gulu lophunzitsa akulu kuwerenga analankhula kwa ophunzira ake m'boma la Angonia



Lero sitiyamba ndi choko. Tsekani makope, ikani mapensulo pansi. Ndifuna tikambirane za chisankho, za matenda, ndiponso za chifukwa chimene ine mwana wanu ndimaimira patsogolo panu madzulo ali onse.

Nonse mukumbukira chaka cha 2020. Pa 22 Malichi munthu woyamba anapezeka ndi matenda a Covid-19 muno m'Mozambique. M'mawa mwake sukulu zonse zinatsekedwa. Pa 1 Epulo boma linaika malamulo a nthawi ya ngozi. Tinaleka kupatsana moni wa m'manja. Pa maliro tinkapita owerengeka. Ine ndinali m'kalasi lomaliza la sekondale, ndipo ndinabwerera kumudzi ndi mabuku m'thumba. Mbatata ya kachewere imene bambo anga ankagulitsa ku malire inasowa ogula, ina inaolera m'nyumba. Mu Januwale 2021, mliri utakula kachiwiri, bambo anadwala chifuwa ndi kubanika, natisiya. Ndinataya mtima. Ndinati sukulu ndaileka, ndipo za dziko zisandikhudze.

Amene anandidzutsa ndi azakhali anga. Iwo anakwatiwa tsidya la mseu, cha ku Dedza m'dziko la Malawi. Mudziwa kuti kuno malire ndi mseu chabe: chinenero ndi chimodzi, msika ndi umodzi, maliro timalira pamodzi. Tsono mverani zimene zinachitika kwa anansi athuwo.

A Malawi anachita chisankho pa 21 Meyi 2019. Zotsatira zake zinakanidwa, mlandu unapita ku khoti. Oweruza 5 anayang'ana mapepala olembapo chiwerengero cha mavoti, napeza kuti manambala ambiri anafufutidwa ndi utoto woyera wotchedwa Tipp-Ex, ena n'kulembedwa pamwamba. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti linathetsa chisankho cha mtsogoleri wa dziko, nililamula kuti chichitikenso. Chinachitika pa 23 Juni 2020, mliri uli mkati, katemera kulibe.

Azakhali anali ndi mwendo wotupa, ndiponso anali a zaka zimene matendawa amakonda kupha. Ana ao anawaletsa: «Amai, mukatenga matenda pa mzere. Khalani pakhomo.» Iwo sanakangane nao. Anadula chitenje chakale nasoka kansalu kotseka mphuno ndi pakamwa. Anatenga sopo ndi ndodo yao, nanyamuka tambala atangolira kachiwiri, kuti akafike anthu asanachuluke. Anaima patali ndi mnzao, anasamba m'manja, anaponya voti, nabwerera ndi inki pa chala. Tsiku limenelo anthu oposa 6 mwa 10 ali onse olembetsa anachita chimodzimodzi. Anapambana ndi Lazarus Chakwera. Mu Seputembala 2025 anthu omwewo anaponyanso voti nabwezera Peter Mutharika pa mpando. Mwaona? Amene amaika ndi povo, amene amachotsa ndi povo.

Sindikunena kuti mliri unali wamasewera, iai. Misonkhano yokopa anthu inkadzaza, ambiri osatseka pakamwa, ndipo mu Julaye odwala anachuluka m'dzikomo. Kulimba mtima kopanda nzeru kumapha. Azakhali anachita ziwiri pamodzi: anasamala moyo wao ndi wa anzao, ndiponso anakwaniritsa udindo wao.

Atabwera kudzatipepesa maliro a bambo, anandipeza nditakhala kuseri kwa nkhokwe. Anandifotokozera za tsiku lija, kenaka anati: «Mwana wa achimwene, kansalu kananditseka pakamwa, koma mau anga anamveka. Chimene chinandipweteka ndi chimodzi. Atatha kuwerenga mavoti anamata pepala pa khoma. Ine ndinaima pamenepo ngati mbuzi yoyang'ana mwezi. Ndinachita kupempha kamnyamata kuti kandiwerengere. Kakadandinamiza ndikadadziwa bwanji? Iwe uli ndi maso a sukulu, ndipo ukuwabisa kuseri kwa nkhokwe.»

Mau amenewa anandilasa. Ndinabwerera ku sukulu, ndinalemba mayeso, kenaka ndinalowa m'gulu ili. Pa 9 Okutobala 2024 ndinaponya voti yanga yoyamba, ndili ndi amai anga pambali. Tisanapite ndinawaphunzitsa maina onse 4 a opikisana pa mpando wa mtsogoleri wa dziko. M'kachipinda analowa okha. Amene anamusankha sindimudziwa, ndipo sindidzafunsa.

Anzanga, ufulu umenewu sunagwe ndi mvula. Nthawi ya atsamunda makolo athu ankakhoma msonkho, ankagwira chibalo, ankalima thonje mokakamizidwa, koma palibe amene ankawafunsa maganizo. Pamene tinalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu oposa 9 mwa 10 ali onse sankadziwa kuwerenga. Pambuyo pake kunabwera nkhondo ya zaka 16, ndipo ambiri a inu munathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, kusiya minda ndi ng'ombe. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Mu Okutobala 1994 tinaponya voti koyamba posankha pakati pa zipani zambiri. Agogo ali kumbuyoko anaimako pa mzere umenewo, afunseni.

Ndidziwa zimene ena mukunena mumtima. Chitatha chisankho cha 2024 panabuka mkangano waukulu pa zotsatira. Anthu anatuluka m'miseu, katundu anaonongeka, magazi anakhetsedwa. Tsono mufunsa: kuvota kuli ndi phindu lanji? Funso lanu ndi lolemera, sindilipeputsa. Koma taganizani za a Malawi aja. Chinaulula cholakwa ndi chiani? Ndi pepala. Panali anthu amene anakhalapo powerenga mavoti, nasunga mapepala ao, nadziwa kuwerenga manambala. Munthu wokhala pakhomo sateteza voti ya wina ali yense. Mbuli inamizidwa masana dzuwa likuswa mtengo. Chotero mankhwala a kukayika si kugona, koma kuphunzira ndi kupenyetsetsa.

Tsono sungani izi m'mutu.

Choyamba, woponya voti ndi mwana wa dziko lino wa zaka 18 kapena kuposa, amene analembetsa. Kalembera akayamba, pitani mukalembetse, ndipo khadi lanu mulisunge monga musungira mbeu.

Chachiwiri, pa chisankho chachikulu mumalandira mapepala 3: la mtsogoleri wa dziko, la Nyumba ya Malamulo imene ili ndi mipando 250, ndi la Nyumba ya Chigawo. Pa pepala liri lonse lembani X m'kabokosi kamodzi kokha, kapena dindanimo chala. Mukalemba m'tiwiri, voti yaonongeka.

Chachitatu, voti ndi chinsinsi. Mfumu, mwamuna wanu, mbusa, ngakhale ine mphunzitsi, palibe woyenera kukuuzani posankha. Wokupatsani sopo kapena chitenje kuti mumuvotere akugula zaka zanu 5 ndi chinthu chotha sabata imodzi.

Chachinai, okalamba, odwala, olumala ndi amai oyembekezera amaloledwa kuponya patsogolo pa ena. Wosaona angathe kulowa ndi munthu amene iye mwini amkhulupirira. Chotero ukalamba ndi kulumala si chifukwa chokhalira pakhomo.

Chachisanu, akatha kuwerenga mavoti amamata chikalata cha zotsatira pa malo omwewo. Pitani mukachiwerenge ndi maso anu, mulembe manambala m'kope lanu.

Mliri wa Covid-19 unazilala, ndipo mu Meyi 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linati ngozi yaikulu yatha. Koma mavuto sanathe. Kolera imabwera ndi mvula, njala imabwera ndi chilala, imfa imalowa m'nyumba osaodira. Zisankho nazo zimabwera zaka 5 ziri zonse, sizidikira kuti tikhale pabwino. Ngati tsikulo lidzakupezani pa mliri, sambani m'manja, tsatani malangizo a achipatala, ndipo pitani. Ngati mnansi wanu sangathe kuyenda, mukwezeni pa njinga kapena pa ngolo. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Azakhali anga tsopano alemba dzina lao okha. Zilembo zake ndi zokhota, koma ndi zao. Ine ndifuna kuti pa chisankho chikudzachi pasapezeke mmodzi wa kalasi lino wobwereka maso pa khoma.

Tsegulani makope. Lero tilemba mau atatu: VOTI, DZINA, UFULU. Kenaka tiwerenga manambala kuyambira 100 kufikira 500. Amai a kutsogoloko, bwerani mulandire choko.

Umbuli ugwe!
Povo aphunzire!
Nkhondo ya pensulo ipitirire!